Mutu wa Mwala wa Mlendo Wathu

Unali mutu wa munthu wosemedwa pamwala wotuwa, kukula kwake ngati chipatso cha mango. Maso anali otsinzina, makutu aatali, tsitsi lomanga mfundo pamwamba. Ndinauona chilimwe chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, pamene amuna a kwathu ku Mwase Lundazi anataya minda n'kuyamba kukumba miyala ya mtengo wapatali.

Mwini wake anali mlendo wogula miyalayo, amene ankakhala m'kanyumba kuseri kwa nyumba ya amayi. Anthu ankangoti Mmwenye, iye n'kumakana kuti, "Ine Mpashtuni, kwathu kumapiri." Chinyanja chake chinali chotsimphina, koma ndinkamva. Anandiuza kuti kwawo ndi katauni kozizira, ndipo bambo ake anaufukula mutuwo polima tirigu. Chisilamu chisanafike kumeneko, anthu akale ankatsata mphunzitsi wachipembedzo wotchedwa Buda ndipo ankasema nkhope yake m'mathanthwe. Nkhope yaikulu ya paphiri, imene iye ankasewera m'tsinde mwake ali mwana, anthu amfuti anaiphulitsa. Chaka chomwecho iye anathawa kwawo, mutuwo uli m'thumba la malaya, ndipo sanabwererenso.

"Mutuwu sindiupembedza ai," anatero. "Ndine Msilamu. Ndimangoupukuta."

Tsono ine pakamwa panga panalibe chitseko. Amalume anali atakumba miyezi itatu osapeza kanthu, zikhadabo zitathyoka, akutsokomola fumbi lokhalokha. Ndinawauza kuti mlendo ali ndi mutu umene amaudzoza mafuta m'mawa uliwonse. Ndinkangofuna kuoneka wodziwa zinthu. Koma okumba a kwathu amakhulupirira kuti miyala imayenda pansi pa nthaka, ndipo alipo anthu odziwa kuikoka.

"Ndiye chifukwa chake mugodi wanga wauma," anatero amalume. "Miyala yonse ithawila kuli uyu."

Kutacha anabwera ndi anzawo awiri ndi nyundo. Amayi anaima pakhomo n'kuwachonderera kuti, "Achimwene, mlendo ni mame, m'lekeni." Sanamve. Anauika mutuwo pathanthwe lochapirapo zovala n'kuumenya ndi nyundo ija, ndipo ndimakumbukirabe kulira kwake, ngati mbale yadothi. Ankayembekeza kupezamo mankhwala. Munalibe kanthu, unali mwala mpaka m'kati.

Lero sindiwada amalume, pakuti umphawi umafuna wina woti umuloze chala. Amene sindinamukhululukire ndi ine ndemwe.

Mlendo sanalimbane ndi munthu. Anagwada n'kutola tizidutswa tonse, ngakhale fumbi analisesera m'kampango, misozi ikulowa m'ndevu. Masana omwewo anakwera minibasi ya ku Boma. Pochoka anandisisita pamutu, osadziwa kuti wamugulitsa ndine.

Ndinafunsa amayi kuti munthu wamkulu angalirire bwanji mwala umene saupembedza n'komwe. Ine pamenepo ndinali ndisanagonepo kunja kwa mudzi wathu, ndipo sindinkadziwa kuti pali anthu amene kwawo konse kunatsala m'thumba la malaya.