Mawu Khumi a Agogo a Simbi

Tonse tinamva, munthu asakane: eti Agogo a Simbi ankalodza m'tchalitchi. Eti akagwada pa benchi yakumbuyo, kolona ili m'manja, pakamwa sipankatuluka pemphero koma "mwezi, mbuzi, singano, galasi." Amene ankanong'ona zimenezi ndi omwe analira mokweza kuposa onse pamaliro. Ndiye khalani pansi mumve.

Anabadwira m'nyumba ya chipinda chimodzi. Sukulu analekezera kalasi yachitatu, mayi awo atamwalira, kuti alere azing'ono awo. Atakula analowa ntchito yochapa pachipatala, ndipo kwa zaka makumi anayi ankachapa zofunda zoti inu simungazigwire ngakhale ndi mtengo. Amuna awo anamwalira molawirira, ana atatu analera okha. Koma Loweruka lililonse ankatenga kiyi wa kachipinda ka kuseri kwa guwa, n'kuchapa nsalu zonse, n'kuzisita ndi simbi yawo yamakala. Dzina lija linachokera pamenepo. Ankakonda kunena kuti, "Chimene wasungitsidwa si chako."

Atapuma pantchito, anawalemba m'kafukufuku wa dziko lonse wa anthu okalamba. Zaka ziwiri zilizonse kunkabwera munthu ndi chikwama. Ankawakweza pasikelo, kuwayeza kuthamanga kwa magazi, kuwafinyitsa kachitsulo m'manja, kuwayendetsa kuchoka pakhomo kufika pawindo, mafunso mbwee. Agogo ankavala diresi ya Lamulungu ngati kukubwera bishopu.

Ulendo wina kunabwera bambo wa tayi, wonunkhira ngati shopu, amene pampando anayamba wayalapo mpango asanakhale. Anawadinditsa chala papepala, n'kunena kuti zonse za pano ndi chinsinsi. Kenako anawawerengera mawu khumi.

"Muwasunge bwino, agogo, ndikufunsaninso."

Foni yake inalira. Anatuluka akuseka, analowa m'galimoto, osabwereranso.

Agogo anadikira mpaka dzuwa kupendeka. Munthu wawasungitsa chinthu, angachitaye bwanji? Mutu unali utayamba kale kudontha, ndiye anapeza nzeru: mikanda khumi, mawu khumi. Akatha mapemphero awo onse, ankadutsanso mikandayo kamodzi. Mpando, mtsinje, sopo, nsapato, kalata, batala, mwezi, mbuzi, singano, galasi.

Amene anamva ndi amayi apampando a gulu la azimayi, aja ovala magalasi opanda vuto la maso. Anangomva anayi omalizawo, basi nkhani yapsa. Lamulungu lotsatira Misa itatha, anawaimika pamaso pa anthu.

"Amayi, tiuzeni. Mbuzi ndi singano zikufuna chiyani m'nyumba ya Mulungu?"

"Ndi chinsinsi, mwanangu. Ndinadinda chala."

"Mwamva nokha! Anadinda chala! Bweretsani kiyi."

Anamasula kiyi pachingwe cha m'khosi n'kupereka ndi manja awiri. Mkati munkawawa ngati apsa ndi simbi. Kuyambira pamenepo benchi yawo inali yawoyawo. Ana ankakokedwa mkono akadutsa pafupi. Nsalu za paguwa zinayamba kuoneka ngati zagonedwa ndi galu, chifukwa apampando kusita amangodziwa kwa pakamwa.

Zaka ziwiri zitakwana kunabwera mayi wina wa kafukufuku. Asanatsegule n'komwe chikwama, agogo anaimirira, manja kumbuyo ngati mwana wasukulu, n'kutchula onse khumi, osaphonya.

"Mawu a chiyani amenewa, agogo?"

"A anzanu aja. Anati adzandifunsanso."

Mayiyo anagwira pakamwa. "Mayo ine! Amayenera kukufunsani pakatha mphindi zisanu zokha. Ndipo chinsinsi timasunga ndife, inu mukhoza kuuza aliyense."

"Ndiye lembani kuti ndasunga."

Mayiyo anasanthula mapepala ake onse. "Palibe malo olembapo zimenezo."

Taonani anthu ophunzira! Kulemera kwa munthu ali napo polemba, izi ayi.

"Ndingawatule tsopano?"

"Atuleni, agogo."

Anakhala pansi n'kupuma ngati atula mtolo. Mkazi wa telala, amene khutu lake limakhala pawindo la eni, anamva zonse, ndipo pofika madzulo msewu wonse unali utadziwa. Mukuganiza kuti apampando anathamanga ndi kiyi? Anati nkhaniyo iyambe yakambidwa ku komiti. Komiti inalephera kukumana kawiri, kachitatu inakambirana za mtundu wa makatani.

Agogo sanadandaule. Loweruka lililonse ankakolezabe makala, kuti mwina wina agogoda. Patatha milungu isanu, tsiku la Loweruka, mwana wawo wamkazi anawapeza pampando masana, kolona pamiyendo, nkhope ili phee, simbi ikadali yofunda.

Anatisiyira chitsanzo cha munthu amene analola kutaya mbiri yake kusiyana n'kutaya mawu amene anasungitsidwa. Lero aliyense akuti, "Ine sindinakhulupirireko." Chabwino. Koma tsiku lija ankamasula kiyi m'khosi tchalitchi inali yodzaza, ndipo palibe anatsokomola n'komwe. Inuyo munakhala benchi iti?