Pepala limene ndinakwirira ndi manja anga

Lululululu! Ndiloleni ndiyambe ndi nthungululu, ana anga. Misozi ibwera pambuyo, njira ikuidziwa.

Linali Lachiwiri, dzuwa lili paliwombo, ine ndili pamphasa ndikupeta nandolo woti ndikagulitse pa Nsanama. Kafoni kanga kanalira m'chitenje. Nditi ndiyankhe, mawu a mayi wachilendo.

"Kodi ndikulankhula ndi mayi Makwinja?"

"Ndine ndemwe, wamasiye wa a Gelevazio."

"Agogo, ndine wa ku kampani ya inshuwalansi. Dzina la amuna anu lapezeka. Linali m'kaundula wakale, wa nthawi ya boma."

Lichero linagwa. Nandolo mbwee, nkhuku zachita phwando. Ine kuimirira, ine kuvina, bondo lodwala lija kuiwala kuti limadwala. Lapezeka, lapezeka, dzina la mwamuna wanga lapezeka! Zaka makumi awiri manda ake ali opanda chiliza, tsopano chiliza chimangidwa!

Inu amene mumawerenga tsamba langa sabata ndi sabata mukudziwa kuti cholembera ndinachigwira nditamera kale imvi, ku sukulu ya kwacha. Mbiri ya m'mabuku sindiidziwa. Koma mbiri ya kampani iyi ndinaiyenda ndi mapazi, ndiye mumve ya mapaziyo.

Kale inshuwalansi inali ya azungu ndi amwenye a masitolo. Munthu wa fosholo akafa, zinkathera pomwepo, ana nkumwazikana. Dziko litabwera m'manja mwathu, boma linati iyayi, tikhale ndi yathu, ya anthu a chigawo chino: aphunzitsi, anamwino, amesenjala, okonza njanji. Anatsegula kaofesi ku Balaka, kufupi ndi siteshoni, chitseko chobiriwira, mbendera pamwamba. Kalaliki wake ankayenda panjinga, chikwama kumbuyo, kutsata anthu kuntchito kwawo.

Anawapeza a Gelevazio akukonza njanji ya ku Nayuchi, ali ndi mnzawo Che Jafali. A Gelevazio atafika kunyumba anandiitana.

"Make Fabiano, kwabwera chinthu chabwino. Azidula pang'ono pamalipiro, ndikadzafa inu mudzamange nyumba ya malata."

Ine kulira! "Mukadzafa? Mwadwala chiyani? Munthu wamoyo kukalembetsa imfa yake, si kuiitana kumeneko? Mukasaina, mupinde mphasa yanu muzipita kwanu. Pano mpa amayi anga!"

Anangoti, "Chabwino, zatha."

Sizinathe. Anasaina mobisa. Pepala lake, la chidindo cha boma, mkango uku kambuku uku, analipinda nkuliika m'thumba la m'kati mwa jekete lawo la kutchalitchi. Tsiku lina ndikusita, ndinalipeza.

"Ichi nchiyani, bambo?"

"Kalata ya ntchito imeneyo. Musaikhudze, ulemu wanga wonse uli mmenemo."

Ine wosadziwa ngakhale A, ndinakhulupirira. Ndinalibwezera bwinobwino.

Atamwalira tinakawaika kwawo ku Utale. Mwambo mukuudziwa: munthu apite ndi chimene ankachikonda. Jekete lija ndinapereka ndekha kwa osambitsa maliro. Ndisanapereke, ndinapisa dzanja m'thumba kuti ndione ngati kalata ilimo. Inalimo. Ndinati, "Apite ndi ulemu wawo." Anakhoma bokosi.

Dzanja ili, dzanja ili, ndi dzanja ili limene linakwirira.

Patapita sabata kunabwera mnzanga Abiti Saidi, mkazi wa Che Jafali. Mwamuna wake anali atatsogola chaka cham'mbuyo.

"Anzanga, pepala la mkango lija mwalisunga bwino?"

"Lili ndi eni ake."

"Eni ake ati?"

"Kumanda."

Abiti anagwira pakamwa. "Kalanga ine! Malata mukuwaona panyumba panga aja mumayesa anagwa ndi mvula? Ndi pepala ngati lomwelo, la inshuwalansi! Inu Akatolika inu, kuveka maliro jekete ngati akukafunsira mbeta. Ife Asilamu nsanda yokha, ndipo nsanda ilibe thumba!"

Tinaseka mpaka kugwirana. Kenaka kuseka kunatha, tinakhala pansi nkulira. Safunsa anadya phula, ndipo phula langa ndalitafuna zaka makumi awiri.

Ndinathamangira ku Balaka. Chitseko chobiriwira ndinachipeza ndi loko, mbendera kulibe. Inali nthawi ija boma linkagulitsa makampani ake ngati munthu wosamuka, mpando uku, mphika uko. Yathu inagulidwanso. Inasintha dzina, inasintha utoto, inakalowa m'nyumba ya magalasi ku Blantyre. Akuti inakula mpaka kukatsegula maofesi kutali. Inakuladi. Koma inakula ngati mwana wopita kutauni amene waiwala pokhotera njira ya kwawo. Lero pakaofesi paja akugulitsa feteleza.

Mwana wanga woyamba, Fabiano, anati, "Amayi, khalani, ndiyenda ine." Anayenda mwana uja. Minibasi ya ku Liwonde, minibasi ya ku Zomba, minibasi ya ku Limbe, chimanga chowotcha m'thumba.

"Bweretsani pepala," ankamuuza.

"Lili m'manda."

"Nambala yake?"

"Sitikuidziwa."

Ankagogoda pakompyuta, nkupukusa mutu. "Dzina ili mulibe muno."

Mulibe? Munthu amene anapsa ndi dzuwa panjanji, mwezi ndi mwezi akudulidwa, mulibe? Kodi pogula kampani anagula mipando yokha, anthu nkuwasiya pakhonde?

Fabiano anadwala chifuwa, anapita asanamve. Mawu ake ali pachipatala anali akuti, "Amayi, dzina la abambo lilipo. Analemba ndithu."

Kwawo kwa a Gelevazio nako sikunandigonetse. Mlamu wanga, a Benedikito, tikakumana pamaliro ankandiponyera mawu anthu akumva. "Mlamu, malipiro a achimwene munkadya ndinu. Chiliza chokha chakukanikani?" Ndikanayankha chiyani? Kuti malata ndi chiliza chomwe ndinazikwirira ndekha?

Chaka chatha, ansembe akudalitsa manda, ndinapita ku Utale ndi maluwa. Ana anga, ndinasochera. Mtumbira unaphwa, mtanda wa mtengo chiswe chinadya, udzu wokhawokha. Ndinaima pakati pa manda ngati mlendo, osadziwa pamene pagona mwamuna amene ndinabereka naye ana asanu. Anachita kundilozera munthu wina: "Yambirani pamtengo wa bwemba, mtumbira wachitatu." Ndinagwada ndikukayika. Mwina maluwa aja ndinapatsa mwamuna wa eni.

Ndiye atalengeza pawailesi kuti a kampani abwera ndi tenti pa Liwonde kufuna anthu a mapepala akale, ndinapita. Dzina ndinalemba ndekha, chilembo chimodzichimodzi, lilime lili kunja. Mayi uja wa pafoni ndiye anandilandira. Sanagogode pakompyuta pokha. Akuti anakalowa m'chipinda cha makatoni akale, fumbi mpaka m'mphuno, kutembenuza makaundula a ku Balaka. Anafukula iye kuti ife tisafukule manda. Mulungu amusunge mwana wa eni ameneyo.

Anandiuza zimene ndilandire. Sindizitchula pano. Kwacha ya nthawi ya a Gelevazio inali ng'ombe, ya lero ndi mwanapiye. Zimene anadulitsa kuti zimange nyumba ya amoyo zakwanira simenti ndi njerwa za nyumba ya wakufa. Denga langa likhalabe la udzu. Koma dzina lawo lilembedwa pamwala, ndipo sindidzafunsanso munthu njira.

Tsono chala choyamba ndikudziloza ndekha, ndi inu amayi anzanga. Imfa siibwera chifukwa yatchulidwa. Chakudza sichiimba ng'oma. Mwamuna wanga ndinamutseka pakamwa ndi misozi, iye nkunditseka m'maso ndi bodza la chikondi. Abambo, pepala muli nalo m'jeketemo, akazi anu akulidziwa? Amayi, mwafunsa? Kapena mukudikira tsiku losita komaliza?

Chala chachiwiri chili kwa inu akuluakulu. Mukamagulitsa chimene boma linamanga ndi thukuta la anthu, mayina awo mumawaika m'katoni iti? Ndi amasiye angati a ku Machinga ndi Balaka amene ali m'fumbi lija, opanda wowafukula?

Basi, ndapukuta maso. Tsiku la foni lija nthungululu yanga inaitana mudzi, ndipo anabwera. Anabwera Abiti Saidi ndi ndodo yake, akufuula kuti, "Jekete labweza!" Anabwera mayi Likoswe, oyimba nawo kwaya. Anabwera Che Mwamadi wa nsomba za ku Chiuta, nasiya mulu wa matemba osalipiritsa. Anabwera Sitela, wamasiye wa Fabiano, ndi ana ake Rozina ndi Pasikale. Anabwera ana anga aakazi, Agata ndi Veronika. Mawa lake anafika a Benedikito, chipewa chili m'manja, nati, "Mlamu, mchenga ndituta ine."

Ndikulemba mayinawa, Abiti anali pambali panga. Nditaika cholembera pansi anandigwira dzanja.

"Mwasiya awiri. Awonso anabwera. Alembeni, asasowenso."

Ndawalemba.

Fabiano Makwinja.

Gelevazio Makwinja.