Phungu wa Tsidya la Msewu

Anandilanda bambo ndili ndi zaka khumi, ndipo mpaka lero fungo la makatoni onyowa limandinyansa. Ndilo fungo la nyengo imeneyo: makatoni a timapepala ta kampeni ataunjikana m'khonde la nyumba yathu kumpoto kwa Dublin, majekete akudontha pa hita, utsi wa malasha wochokera kwa aneba.

Ine ndi amayi mapepala okhalira kuno tinali nawo. Bambo boma linawakana, kalata n'kubwera yoti achoke m'dziko muno. Anasiya kudya. Ankangokhala pawindo nsapato zili kuphazi, galimoto ikaima panja iwo dzambatu.

Phungu wa dera lathu ankakumana ndi anthu Loweruka m'kachipinda ka kuseri kwa bala, konunkha mowa wa dzulo. Tinapitako chisankho chikadali kutali. Anali munthu wonenepa, wa manja ofunda. Anandisisita mutu n'kunena kuti, "Ndikalankhula ndi nduna." Amayi anagwada pa kapeti yomata ya m'chipindamo. Ine manyazi anandigwira.

Chisankho chitayandikira, amayi anachita zimene ankazidziwa kuchokera ku Ndirande: phungu umamuvinira, akapambana amakukumbuka. Voti analibe, popeza sanali nzika, ndiye anati apereka miyendo. Anakatenga makatoni ku ofesi yake, tsidya la msewu waukulu, ndipo palibe anawafunsa kumene akupita nawo. Akaweruka kosamalira okalamba ankamanga chitenje pamwamba pa jekete, chithunzi cha phungu atachibaya ndi pini pachifuwa, basi khomo ndi khomo.

Kunkada msanga, kamvula kosatha kali waa. Timabokosi ta makalata ta pazitseko tinkandiluma zala mpaka magazi. Agalu ankang'amba kapepala ndisanakasiye n'komwe. Kusukulu ndinkagona pa desiki. Ndikadandaula amayi ankangoti, "Ukufuna bambo ako akwere ndege?" Ndinkanyamulanso timapepala tija.

Chinthu chimodzi ndinachiona. Pa mapolo a magetsi a mumsewu mwathu panali nkhope zambirimbiri, koma ya phungu wathu panalibe. Inkayambira tsidya la msewu waukulu. Nditawauza amayi, anati adani ake akuzichotsa, tilimbike. Mzungu wina wokalamba anayesa kutiuza pakhomo pake kuti ameneyu si wa kuno tsopano. Amayi anandikoka dzanja. "Wachipani china uyo, msiye."

Amene anawakopadi anali anzawo a kutchalitchi omwe anali atangolandira unzika. Ankawakhazika pathebulo lathu ndi tiyi, n'kumawaphunzitsa kuti kuno sachonga, amalemba manambala, ndipo wani apite kwa munthu wathu.

Tsiku lovota tinaima panja pa sukulu ya pulayimale, bambo atavala suti. Anti Mutinta, mnzawo wa amayi wa ku Zambia, analowa akuseka. Potuluka nkhope inali itagwa.

"Amake Dalitso, munthu wanu uja palibe."

"Palibe bwanji, asisi? Mwayang'ana bwino?"

"Ndatembenuza pepala mpaka kumbuyo. Ndafunsa. Akuti dera lija linatha. Analiduladula, ife anatiponyera kwina."

Amayi anamasula pini ija pang'onopang'ono. Tinabwerera kunyumba.

Phunguyo anapambana ndi mavoti a tsidya lija. Titapita kubala kuja, mtsikana wolandira anthu anatiuza mwaulemu kuti tikaonane ndi aphungu a dera lathu latsopano. Amenewo sankatidziwa, ndipo tinali titatha nyengo yonse tikuuza anthu kuti asawavotere. Mmodzi analemba kalata, koma mochedwa. Mitengo isanaphuke masamba, bambo anapita kukasaina ku ofesi ya zolowa ndi kutuluka m'dziko monga ankachitira nthawi zonse. Sanabwerere. Anatiimbira foni ali ku Lilongwe.

Sukulu ndinadzaisiya patsogolo pake, ndipo musandifunse zambiri. Ndili mwana ndinkaganiza kuti dera ndi nthaka, kuti likamatha pamamveka chiphokoso. Ndinkayenda m'mbali mwa msewu waukulu uja kufunafuna pamene anadulapo, mwina mpanda kapena ngalande. Panalibe kanthu, mabasi ankangodutsa. Lero ndikudziwa kuti malire amawasuntha anthu a mu ofesi ndi cholembera, ndipo nkhaniyo inatuluka m'nyuzipepala kalekale chisankho chisanafike. Msewu wonse unkadziwa, kupatula nyumba yathu ndi tchalitchi chathu. Panopa ndine nzika, voti ndili nayo. Koma kovota sindinapondeko.