Mayi Telala ndi Mwamuna Wawo Wosadziwa Kuimba

Akhristu anzanga, mwezi uno tikukumbukira Mayi Telala, aja ankakhala pa benchi lachiwiri la kwaya, pafupi ndi zenera.

Anali woyamba kubadwa m'banja la ana ambiri, ndipo anasiya sukulu kuti alere ang'ono awo. Kusoka anaphunzira kwa azakhali awo, koma kuimba ndiye anabadwa nako. Nsalu za paguwa mukuzionazi anasoka ndi iwo, osalandirapo kanthu. Ankakonda kunena kuti, "Singano ndi yanga, koma manjawa ndangobwereka."

Anakwatiwa ndi dalaivala wa basi, munthu wabwino mtima, koma mawu ake, Ambuye andikhululukire, ngati chitseko chosowa mafuta. M'tchalitchi bambowa ankangoyendetsa milomo, ndipo tonse tinkawathokozera mumtima.

Ana atakula, mayi anadwala sitiroko ali pa makina osokera. Dzanja lamanja linafooka, kulankhula n'kutheratu. Akafuna madzi, mawu ankakanirira pakhosi mpaka misozi. Bambo anasiya basi n'kuyamba kuwasambitsa, kuwapesa ndi kuwadyetsa. Anandiuza okha kuti ntchitoyo sinkawalemera. Chinkawapweteka n'chakuti m'nyumba munali zii. "Munthu uja ankandikalipira tsiku lililonse ndamusowa," anatero, maso ali pansi.

Tsiku lina ife a kwaya tinapita kukawaona. Titayamba nyimbo, tinangomva mayi atilowerera pamwamba, mawu onse akutuluka bwinobwino. Ena a ife tinalira. Adokotala anadzafotokoza kuti zimachitika ndithu: njira ya kulankhula ikawonongeka mu ubongo, ya kuimba nthawi zina imatsala. Anati mayi aziimba zimene akufuna kunena, koma pazikhala wina wowayambitsira chuni.

Nanga m'nyumbamo woyambitsa akanakhala ndani? Bambo aja anachotsa manyazi. M'mawa mwake anaima pakhomo la kuchipinda, kapu ili m'manja, n'kuimba pa chuni cha nyimbo ya chopereka: "Tiyi wafika, amayi." Mayi analawa, anawayang'ana, n'kuyankha pa chuni chomwecho: "Shuga wachepa." Bambo akuti anavina m'khonde monse.

Kuyambira pamenepo ankapemphera poimba, kukambirana za ana poimba, ngakhale kukangana kumene poimba. Oyandikana nawo nyumba anavutika poyamba, kenako anazolowera. Mayi anaphunzira kusoka ndi dzanja lamanzere, ndipo Misa sankaphonya.

Anatisiya mwamtendere masana a Lamlungu, atalandira masakramenti, mutu atatsamiritsa paphewa la amuna awo amene ankawaimbira. Mawu awo omaliza anawaimba motsitsa: "Mwaphonya chuni, bambo, koma pitirizani."

Bambowo anamvera. Sabata yotsatira maliro anabwera kudzalembetsa kwaya. Akutisokoneza nyimbo iliyonse, ndipo mpaka lero palibe amene wadandaula.