Makutu a Rozita akukula, inu mukuti ndidikire

Miyezi isanu tsopano makina omvera a mwana wanga ali m'kabotolo pamwamba pa kabati. Sanawonongeke ayi. Chavuta ndi kampira kolowa m'khutu, kochepa ngati nyemba.

Rozita ali ndi chaka ndi miyezi itatu. Anabadwa wosamva bwino. Makinawo anamuikira pa chipatala china kutsidya, ku Malawi, ali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Tsiku lina bambo ake anagwetsa pampu ya njinga, mwana n'kutembenuka. Ndinalira. Posakhalitsa anayamba kunena kuti "ma, ma".

Koma khutu la mwana limakula. Kampira kaja kanakhwepa. Ndikangomubereka, nsalu ya kapulana n'kukhudza khutu, makina ankalira tswii mpaka iye kuwazula n'kuika m'kamwa. Ndinawachotsa poopa kuti ameza batire.

Ndinabwerera kutsidya. Njinga kuchokera kwathu ku Mongue, mzere pa malire, minibasi. Anandiuza kuti thandizo la ana ochokera ku Mozambiki linatha, ndipite kwathu. Ine ndinabadwira m'kampu ya othawa nkhondo komweko, koma tsiku limenelo ndinali mlendo.

Ndinapita pa kachipatala kena kuno ku Milange. Ndinafika 6 koloko m'mawa, anandiitana 11:40. Bambo wa jasi loyera anatembenuza makinawo n'kuti, "Awa ndi a ku Malawi, Mayi. Bwererani komwe anakupatsani." Ndinakhala pansi pakhomo la ofesi yake, mwana kumsana, mpaka anavomera. Anatenga muyeso wa makutu ndi phala lolimba, akuti atumiza ku Kelimane, timipira tatsopano tibwera pakatha masabata awiri.

Timipirato tinabwera patatha masabata asanu ndi anayi. Kuika m'khutu, tswii. Tachepa.

"Mwana wakula," anatero bambo uja, kundiyang'ana ngati ndalakwa ndine. Ndimuletse kukula? Ndisiye kumuyamwitsa?

Anayezanso. Masabata asanu ndi awiri. Tachepanso.

Apa m'pamene nesi wina anandikokera pambali. "Mana, m'bale wanga, musatope ndi kufunsa. Satumiza muyeso umodzi. Amadikira ikwane khumi, ipite pamodzi."

Khumi. Ndiye ndizizungulira midzi yonse ya ku Mongue kufunafuna ana osamva kuti wanga amve? Ndinapempha kuti andipatse muyesowo, ndikwere nawo shapa, minibasi ya kuno, ndekha mpaka ku Kelimane. Akuti sizololedwa popanda kalata ya adokotala aakulu. Adokotala aakuluwo ali kuti? Ku msonkhano. Abwera liti? "Pasiyensiya, Mayi, dekhani."

Kutsidya atseka. Kuno andimanga miyendo. Ndatopa, ndipo ndili ndi mantha, chifukwa adokotala a kutsidya anandiuza poyamba pomwe kuti mwana amaphunzira kuyankhula miyezi inoyi, osati akadzakula.

Makolo anzanga, akamayeza mwana wanu funsani tsiku limene muyesowo unyamuke, musangomva "masabata awiri". Ndipo inu a jasi loyera, ndiyankheni: lamulo la khumili analemba ndani, ndipo anayamba waonapo khutu la khanda?

Muyeso wachitatu wa Rozita uli m'dirowa yanu sabata yachitatu tsopano. Nesi akuti ilipo inayi.

Dzulo ndinaima kumbuyo kwake n'kumuitana katatu. Anapitiriza kusewera ndi chitsononkho. "Ma" uja anasiya kunena mwezi watha.