Kuseri kwa Mpanda wa Bwalo la Mpira

Chaka cha mliri wa korona ndinali mu Giredi 11, ndipo ndinkalemba m'kabuku kanga pafupifupi tsiku lililonse. Koma za Loweruka lina sindinalembe. Dzanja linkakana.

Achimwene anga ndi goloboyi. Atate, amene anaphunzitsa pa sukulu ya mishoni zaka zambiri, sankafuna kumva za mpira. Ankati mwana wa mphunzitsi sangadyere kugubuduka m'fumbi, ndipo sanapiteko n'kamodzi komwe kukawaonera. Achimwene atatengedwa ndi timu yaikulu ya m'tauni mwathu muno, mtima wa atate unafewa pang'ono. Anauza amayi kuti apita akadzionere okha zimene mnyamatayu amachita. Mwezi womwewo masewera anaimitsidwa. Pamene anayambiranso, ochemerera analetsedwa kulowa m'bwalo, ndipo osewera anawasunga ku kampu kuti asatenge matenda kunyumba.

Atate anati apitabe. Loweruka lija anavala jekete lawo la kutchalitchi ndi masiki, tinayenda wapansi kuchokera kwathu ku Kapata dzuwa lili paliwombo. Alonda a pageti anatibweza mwaulemu. Tinazungulira kuseri n'kukaima pamthunzi, pafupi ndi mpanda wa njerwa.

Sindinkadziwa kuti bwalo lopanda anthu limamveka choncho. Tinkamva phazi likamenya mpira, wezulo, ngakhale kochi akatukwana. Kuposa onse ankamveka achimwene, akukalipira otchinga kumbuyo kuti atseke kumanzere. Kunyumba iwo ankayankha atate chapansipansi, atazolika. Atate anatchera khutu nthawi yaitali, kenako anandifunsa, "Ndi iyeyu akulamula anzake chonchi?" Ndinavomera. Anavula chipewa, n'kuchivalanso.

Chigawo chachiwiri chili mkati, tinamva wezulo ndi anthu ochepa akukuwa mosangalala. Masiku onse chigoli cha timu ya kwanu umachidziwira chiphokoso cha bwalo lonse, cha alendo umachidziwira zii. Tsiku limenelo panalibe chosiyanitsira. Atate anangoti n'chathu basi. Anatsitsa masiki, kuwomba m'manja, n'kufuula ndi mawu awo a m'kalasi aja, kutchula achimwene dzina lawo laubwana n'kunena kuti: "Wachita bwino, mwana wanga! Uzitero!"

Mkati munati zii. Mlonda wina anabwera n'kutiuza chapansipansi kuti agoletsa ndi alendo, mpira wapulumuka m'manja mwa goloboyi wathu.

Achimwene anamva mawu onsewo. Anaganiza kuti atate abwera dala kudzawanyoza, ndipo anasiya kuyankha foni yawo. Ine nditawalembera uthenga, anandiyankha kuti ndisamaikire kumbuyo akuluakulu. Atate nawo anakana kutuma munthu. Ankati nkhani yotere imafuna kukhala pansi, munthu ndi mwana wake, choncho adikira kampu ithe.

Patapita milungu yochepa atate anayamba kubanika. Kuchipatala sankalola wachibale kulowa. Anamwalira komweko. Maliro awo tinaika tili anthu owerengeka, titatalikirana, popanda ngakhale amayi a chigwirizano a kutchalitchi oti aimbe nyimbo. Achimwene anaima patali, maso ali gwa.

Titabwerako kumanda ndinawapeza kuseri kwa nyumba atakhala pa ndowa yovundikira. Ndinawafotokozera zonse mwadongosolo, kuyambira pageti mpaka pamene mlonda uja anabwera. Anamvetsera osandiyang'ana. Kenako anafunsa ngati atate anachoka atangodziwa za chigolicho.

"Ayi, achimwene. Ine ndinati tizipita, iwo anakana. Anaima pomwepo mpaka wezulo yomaliza."

Anandifunsanso kachiwiri, ngati sanamve, ndipo ndinabwereza. Apo m'pamene analira, mokweza, mpaka amayi anatuluka m'nyumba.

Mageti anadzatsegulidwa chaka chinacho. Ine ndimapita akamasewera kwathu kuno, ndimakhala kumbuyo kwa golo yawo. Timu ikamalowa, achimwene amayamba ayang'ana kumpanda kuja, kenako n'kundifunafuna m'chigulu cha anthu. Amayi sanakwanitsebe kupita, koma anayamba kundifunsa ndikafika kuti mwana wawo wagwira bwanji.