Ndinasoka ulere, munda wa amayi unapita

Inu owerenga, ndine mtsikana wa ku Chikweo. Ndinakhulupirira lonjezo la pakamwa mpaka amayi anga anataya munda.

Nditalemba mayeso a Fomu 4 sindinasankhidwe kupita ku yunivesite, koma ndinapeza malo pa koleji ina ya boma ya ntchito zamanja, kukaphunzira zosoka. Ndinasangalala kwambiri, poti tinkamva kuti wotuluka kumeneko sagona ndi njala. Amayi anapereka munda wathu wa thonje pinyolo kwa wamalonda wina kuti ndipeze fizi, lendi ndi chakudya. Anagwirizana kuti tikapanda kuuwombola ine nditangomaliza, mundawo ukhala wake.

Itakwana nthawi ya atachimenti, pamene ophunzira amatumizidwa kukazolowera ntchito, ndinapita kushopu ya mayi ena ku Balaka. Anandilandira bwino zedi.

"Iwe uli ndi dzanja, mwana wanga. Ukangotenga pepala lako, mpando uwu ndi wako," ankatero.

Malipiro panalibe, ati wophunzira salipidwa. Ndinasoka mayunifolomu sukulu zikutsegulira, ndinasoka madiresi a Idi mpaka msana kuuma. Masiku anga atatha, anandipempha kuti ndipitirize kubwera chifukwa maoda anachuluka, ine osakana. Telala wina wa ku Ulongwe anandiitana kuti azindilipira pa chovala chilichonse. Ndinamuyankha monyadira kuti iyayi, malo ndili nawo kale m'tauni.

Nditalandira satifiketi ndinathamangira ku Balaka. Ndinapeza pampando paja pakhala mtsikana wina wa koleji yathu yomweyo, wobwera m'mbuyo mwathu. Mayi aja sanaimirire n'komwe.

"Iii, wabwera? Bizinesi yavuta, mwana wanga. Uziimba foni."

Mtsikanayo anandiperekeza panja, n'kundinong'oneza akumwetulira kuti amulonjeza ntchito akamaliza. Ndinacheukira m'shopumo. Pa mashini onse panali ophunzira okhaokha, monga mmene zinalili nthawi yanga. Miyezi yonse ija sindinadzifunsepo kuti wolembedwa ntchito ndi uti. Ndinamuuza mnzangayo zonse, koma anangoseka. Ankayesa nsanje.

Ku Ulongwe ndinapeza atalemba kale wina. Mvula yoyamba itagwa, wamalonda uja anabzala m'munda mwathu. Amayi sanandikalipire, ndipo chimenecho ndiye chimandiwawa koposa. Pano amagwira ganyu yopalira m'munda momwemo, ine ndikusoka zigamba pa mashini obwereka, ndalama yake yongokwanira sopo ndi mchere.

Sukulu sindikuinyoza, luso ndinalipeza. Koma atsikana anzanga, makolo asanapereke munda kapena mbuzi, pezani amene anamaliza kale, akuuzeni okha kumene ali ndi zomwe amapeza. Ndipo mukalowa pamalo, ngakhale akukondeni chotani, funsani kuti amene ankagwira pamenepo chaka chatha anapita kuti. Ine ndikanafunsa, bwenzi amayi akulima pawo.